Jakisoni wa Lolemba ndi Lachinayi

Lachisanu, 5 Julayi 2024

Munira, mkazi wanga, wandibweretsera kope kuti ndizilembamo zonena adokotala, chifukwa akamabwera masana kudzandifunsa ndimakhala nditaiwala kale theka. Ndiye ndiyambe.

Ndine Habibu wa ku Chikamveka, zaka 29. Ndimapikula masitiroberi ndi mbatata kuphiri n'kumagulitsa m'tauni. Dzana m'mawa kunali chiperoni. Ndikutsika kanjira kachidule kumtunda kwa damu la Mulunguzi, dengu lili pamutu, ndinaterereka pa masamba onyowa a paini. Sikunali kugwa koti munthu n'kusimba. Ndinangokhala pansi ngati ndikufuna kupuma, koma m'ntchafu munamveka kuthyoka. Anandipeza ndi amayi otola nkhuni.

Fupa lantchafu yakumanja lathyoka. Andiboola kachitsulo pansi pa bondo, amangako chingwe, kumapeto kwa bedi kukulendewera thumba la mchenga lokoka mwendo. Akuti ndigona chagada miyezi iwiri.

Loweruka, 6 Julayi

Pabedi loyandikana nane pali a Dunstan, madala a ku Likangala, dalaivala wakale wa minibasi ya ku Blantyre. Iwo ndi chiuno. Kuyambira tsiku loyamba amanditchula kuti mwana wasukulu. Lero ataona Munira akundisambitsa anafunsa ngati ndi achemwali anga. Nditawauza kuti ndi akazi anga ndipo tatha zaka zinayi m'banja, anaseka mpaka kufuna kugwa pabedi, kenaka anapepesa.

Sindinakwiye. Ndinazolowera. Ndevu ndilibe, mawu anga ndi aang'ono, pafoni anthu amati “mayi”. Mayi anga ankati ndinatengera kuchimuna, ine n'kumati basi ndi chibadwa.

Lachiwiri, 9 Julayi

Lero kwachitika zinthu.

Lachiwiri lililonse muno mumabwera adokotala aakazi ochokera ku Blantyre, aliyense amangowatchula kuti a Dokotala Sellina. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana chithunzi cha fupa langa pawindo. Anati mafupa anga ndi opyapyala ngati a nkhalamba, ndipo munthu wa msinkhu wanga sathyoka ntchafu pongokhala pansi. Anatseka makatani, anandipempha kaye, n'kundiyeza thupi lonse, ngakhale kumalo obisika. Manyazi anandigwira, koma iwo amafunsa ngati akufunsa mtengo wa tomato. Ndinayamba liti kumeta? Sindinametepo. Ana alipo? Palibe.

Kenaka anafunsa funso limene palibe anandifunsapo chibadwire changa: “Kodi a Habibu, fungo mumalimva?”

Ndinati ayi. Sindinamvepo. Anthu akamati chakuti chikununkhira ndimangovomera. Masitiroberi ndimasankha ndi maso.

Ananditseketsa maso, anandibweretsera pamphuno khofi, sopo, khoko la lalanje. Zonse zinali mphepo chabe. Nditatsegula maso ndinapeza akumwetulira. Anati akuganiza kuti adziwa vuto langa, dzina lili nalo, ndipo mankhwala ake aliko. Anditenga magazi, apita ku Blantyre.

Dzina lili nalo! Ndalephera kudya chakudya chamasana.

Lachinayi, 11 Julayi

Mwendo wawawa tsiku lonse. Andiwonjezera mankhwala a ululu, andiyambitsanso mapiritsi olimbitsa mafupa. A Dunstan akuti ine ndiye wamwayi muwodi yonse, chifukwa fungo la muno silindikhudza. Akuti tisinthane mphuno.

Lachiwiri, 16 Julayi

Zotsatira zabwera. Adokotala anapempha kuti Munira akhalepo. Ndilemba mmene ndamvera.

Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono kamene kamatumiza uthenga m'magazi kupita ku machende, kuwauza kuti ayambe ntchito. Uthengawo akuti mahomoni. Ukafika, mnyamata amatha msinkhu: mawu amakula, ndevu zimamera, mafupa amalimba, mbewu ya abambo imayamba kupangidwa. Kwa ine uthengawo sunatumizidwepo. Ziwalo zilipo ndithu, koma zili mtulo, palibe anazidzutsa. Kusamva fungo kumayendera limodzi ndi vutoli. Dzina lake ndi Kallmann. Sisita Mavis, nesi wamkulu wa wodi ino, ndi amene andilembera kalembedwe kake.

Mankhwala ndi jakisoni wotchedwa hCG. Iyeyu ndiye azikanyamula uthenga uja. Mwendo ukapola ndikajambulitsenso mutu ku Blantyre kuti atsimikize kuti mulibe chotupa.

Ndinafunsa za fungo. Akuti limenelo silibwera. Chabwino.

Munira anafunsa za mwana. Adokotala sanatinamize. Akuti ambiri otere amadzabereka, koma si onse, ndipo zimatenga chaka, mwina ziwiri. Kenaka Munira anafunsanso motsitsa mawu: “Ndiye kuti vuto si ine?”

Adokotala anati pa zimene aonazi, ngakhale iye atakhala bwinobwino mimba sikanatheka. Adzamuyezanso nayenso kuti tisatsale ndi chikayiko.

Munira anatuluka panja. Pobwera maso anali ofiira koma amaseka. Zaka zonsezi wamwa zitsamba zowawa, wayenda kwa asing'anga mpaka ku Jali, azimayi pampopi akumunena. Tonse sitinkadziwa.

Lachisanu, 19 Julayi

Anzanga a kumzikiti anabwera atatha Juma. Anabweretsa nthochi ndi mandasi, tinagawana ndi a Dunstan.

Atapita, Munira anandiuza nkhani imene amaisunga. Amalume ake, a Salim, amene ali ndi golosale pafupi ndi msika, anali atauza kale ankhoswe kuti akumane mwezi wamawa. Akuti mwana wa mlongo wawo sangakalambire m'nyumba yopanda kulira kwa khanda, kaya vuto ndi la ndani, aliyense akayese kwina. Kugwa kwangaku ndi kumene kwaimitsa nkhaniyo.

Munira akuti iye sakupita kulikonse. Koma a Salim ndi amene anamulera, mawu awo ndi olemera.

Lachitatu, 24 Julayi

Mankhwala muno mulibe. Munira anakwera minibasi yoyamba ndi chikalata cha adokotala kukawatenga ku famase ya ku Blantyre. Wafika masana atakumbatira kabokosi kozizira pamiyendo ngati khanda. Akuti kondakitala amafuna kukaponya kumbuyo ndi matumba a makala, anakangana naye kuyambira ku Limbe mpaka pa Namadzi.

Sisita Mavis awerenga dzina ndi tsiku lothera mphamvu pa kabotolo kalikonse, aika mufiriji ya wodi. Mawa tiyamba. Mtima ukungogunda ngati ndikukafunsira mbeta.

Lachinayi, 25 Julayi

Jakisoni woyamba, mayunitsi 1,500. Ndizibaya Lolemba ndi Lachinayi.

Sisita Mavis anachita pang'onopang'ono kuti ine ndi Munira tione, chifukwa kunyumba tizikabaya tokha. Choyamba kusamba m'manja ndi sopo. Mankhwala ali ngati ufa woyera m'kabotolo, ndipo ali ndi madzi akeake m'kabotolo kena. Madzi ena aliwonse ayi. Ukathira madziwo sukhutchumula, umangozunguza mofatsa mpaka ufa usungunuke. Akaoneka amatope kapena muli tizinyalala, osabaya. Singano yatsopano nthawi iliyonse. Kupukuta khungu ndi sipiriti, kutsina pamimba chapatali ndi mchombo, kubaya pansi pa khungu. Lero kumanzere, Lolemba kumanja, osabwereza pamalo amodzi. Singano ikatha ntchito ipite m'bokosi lachikasu, osaivundikiranso ndi manja.

Kasingano kake n'kakang'ono, ndinangomva ngati nyerere. Atatha ndinagwira kuchibwano. A Dunstan anandiona, anafunsa ngati ayitanitse lezala.

Anandikhazika maso kwa kanthawi kuona ngati thupi likukana mankhwala. Palibe chachitika. Koma Sisita anandiuza zoti ndiziyang'anira: zidzolo thupi lonse, kutupa nkhope kapena milomo, kubanika, kupweteka pachifuwa, mwendo kutupa n'kumatentha, mutu waukulu. Chimodzi mwa zimenezi ndiitane msanga, ndikakhala kunyumba ndithamangire kuchipatala. Ndikaiwala tsiku ndifunse, ndisabaye awiri pakamodzi.

Lolemba, 29 Julayi

Wachiwiri. Wabaya Munira, Sisita ataima pambali. Wabaya bwino. Pamalo pake pafiira pang'ono, akuti zimachitika.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Wachitatu. Ndabaya ndekha.

Ajambulanso mwendo. Fupa layamba kugwirana, koma mochedwa.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Kwabwera Latif, msuweni wanga wa ku Joni. Wabwera kudzaona makolo. Sindinamuzindikire msanga: mapewa ngati chitseko, ndevu mpaka pachifuwa. Tinakulira limodzi, kujando tinapita limodzi, iye anakula ine n'kutsala.

Nditamufotokozera, anaseka. Akuti madokotala akunditayitsa nthawi ndi timadzi tawo. Anatulutsa m'chikwama timabotolo tiwiri ta mafuta achikasu, tolembedwa chilankhulo chimene sindichidziwa. Akuti amagula kumene amanyamulira zitsulo, amabaya patako sabata iliyonse, ndipo mwezi umodzi wokha ndidzayamba kumeta. Wandisiyira mulokala, kakabati ka pambali pa bedi, akuti ndi mphatso.

Mwezi umodzi. A Salim akanabwera n'kundipeza ndi ndevu, mawu ali besi, akanayang'ana kawiri. Tsiku lonse ndakhala ndikutsegula lokala n'kumatseka.

Lolemba, 5 Ogasiti

Wachinayi.

Ndinamuonetsa Munira timabotolo tija, ndikuganiza kuti asangalala. Ndinati tikaphatikiza ndi enawa zinthu zifulumira. Anatikulunga m'chitenje, anapita nato kwa Sisita Mavis. Ndinakwiya ndithu, chakudya ndinadya osamuyang'ana.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

A Dokotala Sellina anabwera ndi timabotolo tija m'thumba la gawuni. Latif analipo, anabwera ndi mkaka. Ndimayembekeza kukalipiridwa, koma iwo anakoka mpando.

Akuti ngati zolembedwazo n'zoona, amenewa ndi mphamvu yachimuna yopangidwa kale, testosterone. Mankhwalawo pawokha si oipa, madokotala amapereka kwa ena, atawayeza. Koma kwa munthu wofuna mwana si njira yake.

“Amenewa akupatsani ndevu, koma mbewu ayi,” anatero. “Kuli ngati kugula chimanga pamsika munda wanu uli thengo. Mudya ndithu, koma simukolola. Jakisoni amene tikukupatsaniyu akulima munda wanuwo. N'chifukwa chake akuchedwa.”

Anawonjeza kuti palibe akudziwa chimene chilidi m'botolomo, kapena mlingo wake. Ndikanabaya, magazi akanawerengeka molakwika, iwo osadziwa ngati mankhwala awo akugwira. Choopsa kwambiri n'chakuti mlingo wochuluka umalimbitsa magazi, ndipo ine wogona chagada chonchi magazi atha kuundana m'mwendo, chibuma chake n'kuthamangira kumapapo. Anthu amafa nazo.



Kenaka anatembenukira kwa Latif. Anamuuza mwaulemu kuti mwamuna wabwinobwino akamabaya amenewa, thupi limaona kuti mphamvu yachuluka kale, limasiya kupanga yake, ndipo mbewu imachepa mwina kutheratu. Ine ndikudziwa kuti Latif ndi mkazi wake akhala akufuna mwana wachiwiri kwa nthawi ndithu, ndipo amamunena mkaziyo. Adokotala akutuluka anawatsatira mpaka pakhonde. Sindinamve zimene anakambirana, koma pobwera anandifunsa kumene kuli labu.

Madzulo ndinamuuza Munira kuti anachita bwino. Anati akudziwa.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Sindinalembe masiku apitawa, ndinali ndi chimfine. Majakisoni sindinadumphe, Sisita anati chimfine sichiletsa.

Koma pali nkhani. Njala! Phala la muno limene ndinkasiya, tsopano ndikumaliza n'kupempha la a Dunstan. Pamphumi patuluka ziphuphu zitatu, ndakhala ndikuziyang'ana pagalasi la Munira ngati ndi maluwa. Sisita akuti nkhope yanga yayamba mafuta, ndizisamba kawiri. A Dunstan akuti thukuta langa layamba kumveka ngati la munthu wamkulu, ndipo akundiuza monga mnzanga poti ine sindingadziwe. Ndawathokoza. Munira agule sopo wina.

Zinanso zayamba kuchitika m'mamawa zimene sindilemba muno. Ndinamunong'oneza Munira, anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

Lolemba, 19 Ogasiti

Bere lakumanzere likuwawa ndikaligunda, ndipo pansi pa nsonga pali kolimba. Ndinachita mantha. Ndinaganiza zongokhala chete kuopa kuti andisiyitsa mankhwala, koma ndinakumbukira kuti anati chilichonse ndizinena. Ndawauza Sisita. Atenga magazi.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Adokotala akuti zimachitika thupi likayamba kudzuka, anyamata ambiri otha msinkhu amaziona. Tidikire magazi. Akachuluka mphamvu atsitsa mlingo, koma ndisatsitse kapena kukweza ndekha.

A Dunstan atuluka lero. Ana awo anabwera ndi galimoto. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali, anati azikandipempherera kutchalitchi kwawo ngakhale ndili Msilamu, Mulungu akasankha yekha pomvera. Bedi lawo alowapo bambo wina wosayankhula. Wodi yakula.

Lachisanu, 23 Ogasiti

A Salim abwera.

Anafika atavala mkanjo woyera, kuchokera ku Juma. Anakhala pampando, anafunsa za mwendo, za chakudya, za mvula ya kuphiri. Nkhani yeniyeni amaizungulira. Munira ndi amene anaiyamba. Anagwada pambali pa bedi, anawafotokozera amalume ake zonse mwadongosolo, za uthenga wosatumizidwa, za jakisoni, za chaka kapena ziwiri. Ine ndinangowonjeza kuti adokotala sanalonjeze.

A Salim anayendetsa tasibihi, mikanda yawo yopempherera, m'manja. Kenaka anafunsa ngati ndi matenda enieni, olembedwa m'mabuku. Sisita Mavis amadutsa, anawatsimikizira. Anafunsanso ngati alipo wina anachita kundilodza. Sisita anati ayi, munthu amabadwa nawo monga ena amabadwa ndi maso osaona patali.

Ndiye anafunsa kuti mankhwalawo tizikasunga kuti, poti kwathu kulibe firiji. Nkhani imeneyi yakhala ikutivuta: akasakanizidwa amafuna pozizira, osati poumitsa, ndipo magetsi a kwathu amazimazima.

“Kugolosale kuli firiji ya sola,” anatero a Salim. “Shelefu yapamwamba ndichotsapo zakumwa. Munira, udzatenge kiyi wako. Za ankhoswe zija ziyambe zaima. Munthu sathetsa banja mnzake ali pamankhwala.”

Atapita ndinafuna kudumpha, thumba la mchenga linandikumbutsa. Munira anavina pang'ono pakati pa mabedi, bambo wosayankhula uja mpaka anaseka.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Magazi abwera. Mphamvu yachimuna, imene poyamba inali pafupifupi palibe, yakwera kufika pamlingo wa mwamuna wamkulu, ndipo ndi yopangidwa ndi thupi langa. Adokotala anandionetsa manambala awiriwo pamodzi. Akuti machende ayankha, sanafe, amangodikira.

Chifukwa cha bere lija atsitsa mlingo pang'ono, mayunitsi 1,000, masiku omwewo. Magazi sanalimbe, ali bwino.

Ndauza aliyense amene wadutsa pabedi langa, ngakhale mayi okolopa.

Lachitatu, 4 Sepitembala

Achotsa chitsulo ndi thumba. Mwendo waonda ngati nzimbe. Nditaima koyamba chizungulire chinandigwira, anandigwira anthu awiri. Ndayenda ndi ndodo kufika pakhomo la wodi. Phiri likuoneka lonse, mbuu ndi utsi wa moto wolusa. Ndinaima pamenepo mpaka mwendo unayamba kunjenjemera.

Lolemba, 9 Sepitembala

Ndikutuluka lero. Jakisoni wa lero ndabaya Sisita Mavis akuyang'ana komaliza, sanapeze cholakwa. Atipatsa bokosi lotayamo singano, likadzaza tibweze kuno, osataya kudzala kumene ana amasewera. Andichenjezanso kuti ndisabwereke munthu mankhwala anga ngakhale atandidandaulira bwanji, chifukwa anthu amva kale kuti ndili ndi jakisoni wa mphamvu. N'zoona, alendo awiri a muwodi muno anandifunsapo.

Kope ndipita nalo. Ndizilembamo masiku obwera kusikelo ya adokotala.

Lachiwiri, 12 Novembala

Kujambula mutu kuja ndinapita. Mulibe chotupa. Munira nayenso anamuyeza, ali bwino.

Mawu asweka. Ndikayamba kuyankhula sindidziwa ngati atuluke aakulu kapena aang'ono. Dzulo pamsika ndikuitanira makasitomala anathawira m'mwamba ngati tambala wophunzira kulira, amayi ogulitsa nawo anagwa ndi phwete. Pamlomo wapamwamba pamera tiubweya. Nsapato zikundithina. Bere linasiya kuwawa.

Ndimapsa mtima msanga masiku ano, pa zinthu zazing'ono. Ndawauza adokotala. Akuti ndikudutsa pa zaka 29 msewu umene anzanga anadutsa ali ndi zaka 14, ndizidziletsa, zikapitirira ndinene. Munira anawauza kuti akulera mnyamata.

Kuphiri sindinayambe kukwera. Akundipikulira anzanga.

Lachiwiri, 18 Febuluwale 2025

Ayeza umuna koyamba. Mulibe mbewu ngakhale imodzi.

Adokotala akuti amayembekezera zimenezi, miyezi isanu ndi iwiri ndi yochepa. Awonjezera jakisoni wina, FSH, katatu pasabata, wothandiza kupanga mbewu. Malamulo ake ndi omwe aja.

Tabwerera wapansi. Sindilemba zambiri.

Lachiwiri, 10 Juni

Mbewu mulibebe. Koma machende akula, ayeza. Mafupa akulimba. Ndikumeta kamodzi pasabata. Mimba yanga yadzaza timadontho ta singano, tayamba kubaya pantchafu.

A Salim sanafunsepo kanthu. Ndikapita kukatenga mankhwala amangotsegula firiji n'kupitiriza kugulitsa. Latif anaimba kuchokera ku Joni, akuti analeka mankhwala aja, mapewa aphwa koma akumva bwino.

Lachiwiri, 11 Novembala

Ndikulemba nditakhala pabenchi panja pa labu.

Tinapereka umuna m'mawa monga mwa nthawi zonse, tinakhala kudikira. Masiku ena a Charles, bambo oyeza mulabu, amangotulutsa pepala pawindo. Lero anatsegula chitseko, anatiitana tonse awiri kuti tilowe. Ndinaganiza kuti pali cholakwika, mwina tibwereze.

Anandikhazika pa kampando kutsogolo kwa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Anati nditseke diso limodzi. Poyamba ndimangoona kuwala ndi timadontho. Anapotokola pang'ono. Ndiye ndinaona kanthu kamutu wozungulira ndi kamchira, kakudzikoka kupita kumanzere. Kena kanali phee. Kachitatu kanadutsa mothamanga n'kutuluka m'kuwalamo.

Ndinafunsa ngati ndi zanga. A Charles anati palibenso wina wapereka m'mawa uno.

A Dokotala Sellina anawaitana, anabwera nawonso kudzaona. Akuti n'zochepa kwambiri, tisayambe kugula matewera. Koma kwa anthu a vuto langa mimba imatheka ngakhale ndi mbewu yochepa, ndipo chiwerengero chizikwera tikapitiriza. Majakisoni onse awiri apitirire, mlingo womwewo, osadumpha, osawonjeza. Ngakhale Munira ataima, tisasiye tisanawafunse.

Kenaka inali nthawi ya Munira. Anakhala pakampando, anagwira mpango wake kuti usagwere pagalasi, anaika diso. Anakhala. Anthu pawindo anayamba kudandaula kuti mzere sukuyenda. A Charles anatsokomola kawiri. Iye osasuntha, milomo ikungoyenda, ndikuganiza amapemphera, mwina amawerenga.

Atadzuka anafunsa a Charles kuti kagalasi kamene kanali ndi mbewuzo akachita nako chiyani. Iwo anati akatsuka, monga amachitira ndi ena onse.

Munira anayang'ana makina aja, anayang'ana ine, anakonza mpango wake.

“Chabwino,” anatero. “Koma mudikire ife tituluke kaye.”